Tsiku Limene a Nasibeko Anatsuka Mitengo

Njuchi zachitsulo zinkalowa m'wodi dzuwa likangotuluka kuseri kwa mapiri a ku Mozambiki. Zinkadzera pa kabowo ka pamwamba pa zenera, zili pamzere, zikulira kulira kosalala kosiyana ndi kwa njuchi za Mulungu. Zikazungulira bedi la a Magwagwa, zinkatera pa mwendo wawo wakumanja, m'mbali mwa chilonda, ndipo iliyonse inkasiyapo kadontho kotuwa n'kuuluka kubwerera kumene yachokera. Akazi awo, a Nasibeko, anali ataziona kambirimbiri, komabe m'mawa uliwonse ankagwira pakamwa ngati ndi koyamba.

"Sizikuluma?" anafunsa.

"Zikungozizira," anayankha a Magwagwa. "Funso lomweli tsiku ndi tsiku, Nasibeko? Likadzatha mudzabwereka kwa ndani?"

"Ndizifunsa mpaka mudzaimirire."

Chilondacho chinayamba ngati masewera. Khasu linawatema pamsongolo akukumba mbatata ya kachewere kwawo ku Tsangano, iwo n'kungomangapo kansanza. Koma zaka zimenezo tizilombo toyambitsa matenda tinali titachenjera, moti mapilisi ndi majakisoni amene ankachiritsa makolo awo anali atasanduka madzi chabe. Chilonda chinakula, chinayamba kununkha, ndipo madokotala a kwawo ananena mosapsatira kuti mwendo udulidwe pamwamba pa bondo. Tsono a Magwagwa ndi amene ankatsogolera gule wa ngoma m'dera lonselo. Akaponda pansi fumbi linkadzuka, amayi n'kululutira mpaka mawu kusasa. Anayankha kuti bola awadule khosi. Ndiye anawatumiza ku Chigwa cha Shire, ku chipatala chimodzi chokha chimene chinkathabe kulimbana ndi zilonda zoterozo.

Mphamvu ya chipatalacho inali m'nyumba ya magalasi ya kuseri kwa mawodi. M'menemo munali mitengo ingapo ya mangirovi, mitengo ya m'matope a m'mphepete mwa nyanja ya mchere, imene mizu yake imatumphuka pansi n'kuloza kumwamba ngati zala. Inali yotsala ya nkhalango ina ya kumathiriro a Zambezi imene nyanja inameza itakwera. Mitengo imeneyi imamwa madzi amchere n'kutulutsa mcherewo pa masamba, ndipo pa mchere wotuwawo pankakhala mabakiteriya, tizamoyo tosaoneka ndi maso. Pofuna kuteteza malo awo, mabakiteriyawo ankatulutsa timadzi topha tizilombo tina tonse toyandikira, kuphatikizapo tija tosamva mapilisi. Koma anali amakani osati masewera. M'mbale za akatswiri ankafa, m'firiji ankafa, ndipo timadzi tawo tikachoka pa tsamba sitinkafika madzulo. N'chifukwa chake anapanga njuchi zija, kuti zizinyambita masamba m'mawa n'kuthamangira kwa odwala.

Zonsezi Dokotala Alufandika, mayi woonda wolankhula mofulumira, anazifotokoza bwinobwino tsiku loyamba. Koma munthu amene wangouzidwa kumene kuti mwina mwendo wa mwamuna wake upulumuka samva zonse. A Nasibeko anatolapo mawu awiri okha, akuti mankhwala ndi akuti masamba, ndipo anagwedeza mutu mokhutira. Za masamba ankazidziwa. Ndani sadziwa kuti mphamvu ya tsamba ili m'kati mwake, ndipo kuti usanalisinje umayamba walitsuka?

Chilonda chinayamba kuuma m'mbali, fungo linatha, a Magwagwa anayambanso kudya ngati munthu. Amene anayamba kudwala tsopano anali a Nasibeko, ndipo matenda awo anali a manja. Mayiyu anabadwa tsache lili m'manja. Kwawo ankasesa pabwalo nkhuku zisanatsike, ankakwecha mapoto mpaka munthu kudzionera nkhope, ndipo apongozi awo ankayamba apukuta mapazi kawiri asanalowe m'nyumba mwawo. Pokwera sitima yopita kuchipatala anatenga beseni, sopo, tsache ndi nsanza zokolopera, chifukwa wodwazika matenda ntchito yake ndi imeneyo. Anakapeza kuti kulibe chogwira. Anamwino achitsulo ankasambitsa odwala, kuwatembenuza ndi kuwadyetsa. Pansi pankadzikolopa pokha. Zovala zinkachoka zakuda madzulo n'kubwera zositasita m'mawa. Odwazika ankawalola kukhala chifukwa chakuti wodwala wopanda mbale wake pambali amachedwa kuchira, koma ntchito yawo inali yongokhala basi.

"Ndabwera kudzadwazika kapena kudzaonerera kanema?" ankadandaula choncho.

Malo okha amene makina sankafikako anali ku chitando, kumene odwazika ankagona ndi kuphika, makamaka kubafa la amayi. Kalekale amayi anakana kwamtuwagalu kuti chinthu chokhala ndi maso, kaya ndi chachitsulo, chidutse mpanda wa kumeneko. A Nasibeko analanda ufumu wa chitandocho mosasankhidwa ndi munthu. Ankasesa posesa kale, ankagawa ntchito, ndipo amayi ena ankawamvera chifukwa nawonso manja ankawayabwa.

Mmodzi yekha ndi amene anawakanika. Dzina lake linali Jowakina, mayi wa ku Tengani amene ankadwazika mwana wake wamkazi wovulala msana, ndipo mvula inali itamupeza pachitandopo kangapo. Ameneyu mbale zake zinkagona zosatsuka, mpango wake unali utaiwala mtundu umene unabadwa nawo, ndipo ankakonda kukhala yekha kuseri kwa bafa, kumene madzi amchere a pamjigo ankatayikira n'kupanga chithaphwi chomera bango ndi zitsamba. A Nasibeko anapitako kamodzi kukamukalipira, ndipo anapunthwa pa tizitsa tosongoka tobisika m'matope mpaka chikhadabo cha kuphazi kuthothoka.

"Mayi inu, malo ano simukuwaona? Munthu wamkazi n'kumakhala pauve chonchi?"

Jowakina anangowayang'ana ndi maso otopa. "Ndamva, amayi," anatero, ndipo sanasunthe.

Tsiku lina a Nasibeko anaganiza zokaona mitengo imene inkachiritsa amuna awo. Analowa m'nyumba ya magalasi mwaulemu, nsapato zili m'manja. Mitengoyo sinali yaitali, munthu akanyanyamphira ankafika kunsonga. Koma atayandikira mtima wawo unagwa. Masamba onse anali mbuu, okutidwa ndi zotuwa zonga phulusa losakaniza ndi mamina. Anachita manyazi m'malo mwa chipatala chonse. Mawindo owala, pansi powala, koma mitengo yopulumutsa anthu ili ngati ana amasiye! Ndipo njuchi zija zinkatera pa litsiro limenelo zisanakatere pa chilonda cha amuna awo. Anatuluka atadziwa chochita, ndipo anasangalala kuti pamapeto pake apeza njira yothokozera.

Loweruka m'mawa, njuchi zitamaliza ntchito yake, anasonkhanitsa amayi. Anapatsa Jowakina chikwakwa kuti akatchetche tchire la kuseri kwa bafa lonse, lisatsale ndi phesi limodzi. Ena onse ananyamula zidebe, nsanza ndi mankhwala aja amphamvu otsukira m'bafa, n'kulunjika ku nyumba ya magalasi.

Wosamalira mitengoyo anali loboti lalifupi loyenda pa mateyala, limene anthu analipatsa dzina loti Pepani. Amene analipanga anafuna kuti likhale ndi mwambo, ndiye analiphunzitsa kulankhula motsitsa, kusakweza mawu pa akuluakulu ndiponso kusagwira munthu mkono. Ataona zidebe, Pepani anathamanga n'kuima patsogolo pa a Nasibeko.

"Pepani amayi, chonde musavutike."

A Nasibeko anamwetulira. Mawu amenewo ankawadziwa. Ndi amene mwini nyumba aliyense amanena mlendo akatola tsache, ndipo mlendo woleredwa bwino sabweza tsachelo.

"Sitikuvutika, mwanawe. Kapume."

"Pepani amayi, ndikupempha kuti masambawo muwasiye momwe alilimo. Adokotala sakondwa."

"Akondwa akaona."

"Pepani amayi, pa masambawo pali mabakiteriya ambirimbiri, ndipo..."

"Eya! Ndi amene tabwerera," anatero a Nasibeko akuviika nsanza m'chidebe. "Lero aona polekera."

Mayi wina anayambitsa nyimbo ya kumunda, ena n'kuvomera, ndipo timawu ta Pepani tinamira m'nyimbomo. Anayendayenda kuchoka kwa mayi uyu kupita kwa uyo akupepesa, amayi n'kumamusisita pamutu kuti ndi mwana waulemu. Anatumiza uthenga kwa Dokotala Alufandika, koma iwo anali kumaliro kutsidya kwa mtsinje, foni atazimitsa monga achitira munthu aliyense wamwambo. Wothandizira wawo anali m'chipinda cha opaleshoni, manja ali m'mimba mwa munthu. Amayi anatsuka tsamba lililonse, pamwamba ndi pansi pomwe, n'kutsukuluza ndi madzi oyera. Pofika masana mitengo inali kunyezimira, yobiriwira ngati yogula m'sitolo.

Dokotala anafika chakumadzulo akuthamanga, akadali ndi chitenje cha kumaliro. Amayi anali atandanda pakhomo, nthungululu zili kukhosi, akudikira kuyamikiridwa. Dokotala anawadutsa osapereka moni. Anagwira tsamba limodzi, analitembenuza, anagwira lina, kenaka anangokhala pansi m'matopemo.

"Pepani, yeza," anatero ndi mawu ouma.

Loboti lija linayendetsa kuwala kwake pa mtengo uliwonse. "Pepani adokotala, palibe chimene ndikupeza."

A Nasibeko analowa m'nyumbamo. Anagwada patali. "Adokotala, talakwa kodi? Tangochotsa litsiro. Masamba sitinathothole ndi limodzi lomwe."

Dokotala sanakalipe, ndipo a Nasibeko akanakonda akanakalipa. "Amayi, litsiro lija ndiye mankhwala. M'kati mwa tsamba mulibe kanthu. Tizamoyo tija mwaphati ndi timene timachiritsa amuna anu."

"Sitingabwererenso?"

"Mwina tina tabisala m'makungwa. Ngati tilipo, pafunika miyezi kuti tichulukane. Odwala ena angathe kudikira, zilonda zawo zatsala pang'ono. Koma a Magwagwa chilonda chawo ndi chakuya. Alibe miyezi."

Palibe amene anawaloza chala, ngakhale amayi anzawo, koma a Nasibeko anayenda kubwerera kuwodi ngati asenza mtondo. Madzi akatayika saoleka. Anagwada pambali pa bedi n'kuwauza amuna awo zonse, osabisa kanthu. A Magwagwa anayang'ana kudenga.

"Ndinakuuzani kalekale, Nasibeko, kuti tsiku lina mudzanditsuka mpaka ndidzathe," anatero, akuyesa kuseka. Koma kusekako kunathera panjira, ndipo anatembenukira kukhoma.

M'mawa mwake njuchi sizinabwere. Kabowo ka pazenera kanangokhala pululu. Tsiku lotsatira fungo lija linabwerera, ndipo kufiira kunayamba kukwera kuchokera pa chilonda. Dokotala anabwera ndi cholembera n'kujambula mzere pa khungu, m'munsi pang'ono mwa bondo.

"Bambo, sindikunamizani. Kufiiraku kukadutsa mzere uwu, ndidula. Ndikapanda kutero tikutayani ndi inu nomwe."

"Nanga mwendo wachitsulo suvina ngoma, adokotala?" anafunsa a Magwagwa.

"Umayenda bwino kwambiri. Ena amathamanga nawo."

"Sindinafunse zothamanga. Nthaka imamva phazi la munthu. Chitsulo sichiidziwa."

A Nasibeko sanadye. Anakhala pachitando manja ali pamiyendo, akuwayang'ana ngati ndi a munthu wina. Moyo wawo wonse manja amenewo ndi amene ankawanyaditsa, ndipo lero anali atadya mwendo wa mwamuna amene anakhala naye kuyambira ali mtsikana. Analira mosabisa, ndipo amayi anzawo anakhala mowazungulira.

Ndiye mayi wina wa ku Thekerani anatsokomola, anayang'ana uku ndi uku, n'kufunsa motsitsa kuti, "Kodi timitengo tating'ono sitingathandize?"

Apa mpamene chinsinsi cha pachitando chinaululika. Pansi pa mangirovi pankamera timbande kuchokera ku njere zakugwa, ndipo chipatala chinkaletsa kutenga. Koma mayi wa kumudzi akaona chomera chachilendo, dzanja limapita lokha, ndipo kwathu kuno kutenga mbewu sakuwerengera ngati kuba. Mayi wa ku Thekerani uja anatulutsa chitini kunsi kwa bedi lake. Wina anatulutsa m'dengu. Pasanapite nthawi zitini zinandanda pakhonde, ndipo ngakhale abusa opempherera odwala anabwera ndi chawo atachiphimba ndi jekete. Dokotala atafika anayang'ana zitinizo, anayang'ana akubawo, n'kungopukusa mutu. Pepani anaima pachipata cha mpanda, amayi n'kumamupititsira chitini chimodzichimodzi.

"Pepani adokotala, apa palibe."

"Pepani adokotala, apanso palibe."

Timitengo tonse tinali towala ngati nkhope za ana opita ku tchalitchi. Eni ake ankatipukuta m'mawa uliwonse ndi kansanza kasopo, ena mpaka kupakako mafuta kuti tizinyezimira. Ndi mmenenso ankasamalirira maluwa a m'nyumba zawo. Chitini chomaliza chitabwerera, a Nasibeko anamva ngati atsekeredwa chitseko kachiwiri.

Anakhala pansi pafupi ndi zitinizo, ndipo maso awo anagwera pa chimodzi chimene kamtengo kake kanali kokulirapo. M'dothi lake munali mutatumphuka timizu tiwiri tosongoka, toloza kumwamba. Anatiyang'anitsitsa. Kenaka anayang'ana chala chawo chaphazi, chija chinathothoka chikhadabo. Anakumbukira tizitsa tija ta kuseri kwa bafa, ndipo anakumbukiranso chikwakwa chimene anapereka ndi manja awo Loweruka lija.

"Jowakina ali kuti?" anafuula. "Mayo ine, ndinamuuza kuti atchetche!"

Anathamanga, chitenje chili m'manja, ngati si gogo wa zidzukulu. Anazungulira bafa. Bango linali chiimire, zitsamba zili chiimire, ndipo chikwakwa chinali chogona pa udzu pomwe chinaikidwa, chitayamba dzimbiri. Jowakina anali atakhala pa mwala wake wa masiku onse. A Nasibeko anamudutsa. Analowa m'chithaphwimo, anakankha bango ndi manja onse awiri, ndipo anauona. Mtengo wa mangirovi wofika m'mapewa, wa nthambi zambiri, utazunguliridwa ndi zala zake zotuluka m'matope. Masamba ake anali mbuu, onyansa kuposa aja a m'nyumba ya magalasi, otuwa mpaka kulemera.

Dzanja lawo linanyamuka lokha kuti ligwire tsamba, koma analibweza msanga n'kulipana m'khwapa.

"Adokotala! Adokotala, bwerani kuno!"

Panabuka kamkangano kakang'ono, chifukwa Pepani anakana kudutsa mpanda wa amayi popanda chilolezo, ndipo anapepesa kangapo konse. Amayi onse anakuwa pamodzi kuti alowe, lero lokha. Loboti linatitimira m'matope, amayi awiri n'kulinyamula ngati mwana. Linayendetsa kuwala kwake pa tsamba limodzi kwa kanthawi kamene a Nasibeko anakaona ngati chaka.

"Pepani adokotala," linatero, "apa alipo. Alipo ambiri kuposa amene ndinawaonapo."

Dokotala Alufandika anagwira m'mutu n'kuyamba kuseka, misozi ikutsika. Nthungululu zija zinakhala kukhosi kuyambira Loweruka zinatuluka zonse nthawi imodzi, mpaka odwala m'mawodi anadzuka kufunsa ngati kwabadwa mwana. A Nasibeko anangokhala pansi m'madzi onyansa a kubafa, osasamala n'komwe za chitenje.

"Amayi, mtengo uwu unabwera bwanji kuno?" dokotala anafunsa Jowakina.

"Ndinazula kambande chaka chimene tinafika," anayankha Jowakina. "Ndinkati mwana wanga akachira tikadzale kwathu. Miyezi itapita ndinaona kuti sitikupita, ndiye ndinakataya kuno. Sikanafe. Basi ndimangobwera kudzakhala nako."

"Simunaupukutepo?"

"Ine ndinasiya kupukuta zinthu, adokotala. Ndinatopa."

Mawu amenewo anawalasa a Nasibeko kuposa chilichonse chimene anamva sabata imeneyo. Masiku onse aja ankaona mbale zosatsuka ndi mpango wakuda, koma sanafunsepo n'kamodzi komwe kuti mwana wa mayiyu akupeza bwanji. Anakwawa m'matopemo n'kumugwira mapazi.

"Achemwali, ndinakulakwirani. Mukanandimvera Loweruka lija, bwenzi amuna anga..."

"Musalire, amayi," anatero Jowakina. "Sindinakane chifukwa cha nzeru. Ndinangoona kuti kukutentha."

Dzuwa linali lisanapendeke kwambiri, ndiye dokotala sanadikire m'mawa. Anatsegula bokosi la njuchi, amayi n'kuvomereza kuti nazonso zidutse mpanda bola zisayang'ane kumbali. A Nasibeko anathamangira kuwodi ndi matope awo omwewo, ndipo pansi podzikolopa paja panavutika kuwatsatira. Anapeza kufiira kutatsala chala chimodzi kuti kufike pa mzere. Anaima pambali pa bedi akupuma mwawefuwefu, maso ali pa kabowo ka pazenera. Kenaka anamva kulira kosalala kuja.

Njuchi zinalowa pamzere, zinazungulira bedi, zinatera. A Magwagwa anatseka maso n'kutulutsa mpweya wautali. Atatsegula anayang'ana akazi awo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Nasibeko, ndinu amene? Chikhalireni m'banja sindinakuoneni muli wakuda chonchi."

"Sizikuluma?" anafunsa iwo.

"Zikungozizira."

Kufiira kunaima pomwepo usiku umenewo, ndipo m'masiku otsatira kunayamba kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Mzere wa cholembera uja unafufutika wokha posamba, popanda mpeni kufikapo. A Nasibeko anagona tulo tofa nato koyamba chifikireni, ndipo anadzuka dzuwa lili pamutu, pabwalo la chitando pali posasesa. Dziko silinathe.

Zotsatira zake sanaziyembekezere ndi mmodzi yemwe. Akatswiri anali atavutika zaka zambiri kusunga mitengo ija m'magalasi, akuiyezera madzi ndi kutentha, osadziwa kuti mabakiteriyawo amakondwa kwambiri kunja, pa dzuwa loswa mtengo la m'chigwamo ndi madzi amchere a pamjigo amene anthu akhala akuwadandaula kuyambira kale. Dokotala anatenga masamba a kuseri kwa bafa n'kukapatsira mitengo ya m'magalasi, ndipo inayambanso kutuwa. Lamulo loletsa kutenga mbande linafafanizidwa. Wodwazika aliyense wa m'chigwamo ankapatsidwa kambande kake pochoka kuti akadzale kumene madzi a pamjigo amatayikira, ndi langizo limodzi lokha, loti asakayerekeze kukapukuta. Pepani naye anamuphunzitsa mawu atsopano. Munthu akangoyandikira tsamba ali ndi nsanza, loboti lija linkakuwa kuti, "Siyani msanga!" mpaka magalasi kunjenjemera, kenaka n'kupepesa.

Tsiku lotuluka, a Magwagwa anakana njinga ya odwala. Anayenda okha mpaka pabwalo la chitando, anavula nsapato, anaimirira kanthawi akumva nthaka. Ndiye anakweza mwendo wakumanja uja n'kuponda kamodzi. Kunali kuponda kwa munthu wofooka, koma kafumbi kanadzuka ndithu, ndipo amayi analulutira ngati aona gulu lonse la ngoma.

A Nasibeko sanakhale pomwepo nthawi yaitali. Anatenga beseni lawo, sopo ndi chipeso, n'kuzungulira kuseri kwa bafa. Mbale za Jowakina anali atazitsuka kale m'mawa, mpango wake unali pachingwe utakumbukira kuti unali wofiira. Anakhazika Jowakina pa mwala uja, pafupi ndi mtengo, n'kuyamba kumusambitsa m'mutu ndi kumupesa pang'onopang'ono, akufunsa za mwana wake, dzina lake, zimene ankakonda asanavulale. Jowakina anayankha mawu amodziamodzi, kenaka anayamba kulankhula osalekeza, ndipo a Nasibeko anamvetsera mpaka sitima inatsala pang'ono kuwasiya.

Ponyamuka, tsamba lina lotuwa linawakhudza paphewa n'kusiya chizindikiro pa bulauzi yawo yoyera. Anachiyang'ana, manja anawayabwa, koma anachisiya chomwecho mpaka ku Tsangano. Anakalamba akudziwa kutsuka chilichonse, koma kudziwa chofunika kutsuka ndi chofunika kuchileka anakaphunzira kuseri kwa bafa, kwa mayi wotopa ndi mtengo wauve.